Dzanja la mlongo wa a Sikelo

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, bambo amene anthu ankawatchula kuti a Sikelo sanatsekepo golosale yawo masana. Ankadziwa wogula sopo wathunthu ndi wongofuna kachidutswa, ndipo poyeza shuga ankathira mpaka sikelo itapendekera kwa wogula.

Kenako khonsolo inaitanitsa msonkhano wokambirana za sitolo yaikulu yotchipa imene kampani ina inkafuna kumanga moyang'anizana ndi golosaleyo. A Sikelo anadziwa kuti ikangomangidwa, iwo zawo zatha. Anavala jekete la pa ukwati wawo, nakhoma loko, napita kukadandaula.

Analankhula, ndipo anthu anawawombera m'manja. Koma wapampando atafunsa amene akuifuna sitoloyo, manja anakwera holo yonse. Limodzi linali la mlongo wawo, amene anakhala nawo benchi imodzi.

"Achimwene, musandiyang'ane choncho," mlongoyo anatero, dzanja lili m'mwamba. "Mwalankhula bwino, koma mafuta anu ophikira ndi odula."

Atafunsidwa okana, anakweza manja anthu awiri okha: a Sikelo ndi mkulu wosoka nsapato, amene ndi wogontha ndipo sanamve funsolo.