Chibwenzi changa chinati ndilipire osaimba foni

Anzanga, munthu ameneyu ndinadziwana naye ndikumukalipira.

Ine ndimakonza masofa. Palibe anandiphunzitsa, ndinayambira pa mpando wa mayi anga. Tsiku lomwe tinadziwanalo, dalaivala wa kampani yomwe ndimaodako nsalu anatsitsa mpukutu wa velvet n'kuugoneka pafumbi.

"Iwe, kwanu nsalu mumayala pansi ngati mphasa?"

Anangoseka. "Pepani abwana. Koma mukakwiya mumakongola."

"Ndiye lero undiona ndili chiphadzuwa."

Pasanathe miyezi iwiri anali atazolowera kukhala pa sofa yopanda miyendo ya pakona, kumanditolera misomali ndikamakhoma. Achemwali anga ankati, "Wapeza wopirira pakamwa pakopo, usamutaye."

Ndinamukonda, sindinama. Akafunsa kuti oda yotsatira ndi liti, ine ndinkati akufuna kundiona...

Kenako ndinapeza ntchito yaikulu, mipando 40 ya hotelo ina. Anandipatsa deposit yogulira nsalu. Ndalama za eni ake, zoti zikasowa ndiye kuti shopu ndatseka.

Invoice ya kampani ya nsalu ija inabwera pa email. Logo yomweyo, siginecha yomweyo. Koma pansi pake analemba kuti asintha banki, ndilipire ku akaunti yatsopano.

Iye anali pomwepo, akusuzumira paphewa panga.

"Eya, tasinthadi. Tumiza babe, nsaluyo ndibweretsa ndekha mawa."

App ya banki ndinali nditatsegula kale. Koma ndili ndi lamulo langa: akaunti ikasintha, sindilipira ndisanamve mawu a mayi a ku accounts. Ndipo sindiimba nambala ya pa email, ndimaimba ya pa lisiti lakale.

Ndinakoka fayilo.

"Ukutani?"

"Ndikuimba."

"Ine ndimagwira komweko. Mawu anga sakukwana?"

"Mawu ako ndi okoma, koma si iwe wa accounts."

"Ndiye kuti ndine wakuba?"

"Ndatchula wakuba ine?"

Ndinaika foni pa loud kuti amve yekha, akhazike mtima pansi. Mutu wanga unali pamenepo anzanga, ndimafuna kumusangalatsa!

"Kusintha akaunti?" anatero mayi aja. "Ayi mwanangu, musatumize kanthu. Invoice yanu ili patebulo panga pano, sinatuluke n'komwe. Ndinu achitatu sabata ino, ndipo nonse amakubweretserani katundu ndi dalaivala mmodzi."

Ndinadula foni.

Iye anatola makiyi a galimoto. "Ndikanakufotokozera. Ndili pa mavuto, anzanga ndi amene anakonza email ija..."

"Awiri enawo unkawatchulanso babe?"

"Ayi. Iwe ndimakukonda zenizeni."

"Ndiye ukamadana naye munthu umamutani? Tuluka."

Masana omwewo ndinakasiya nambala ya akaunti ija ku banki, n'kusintha ma password onse. Mayi a ku accounts ndinawauza zonse, osabisa ngakhale za chibwenzi. Manyazi ndinachita, koma awiri enawo anali atatumiza kale, ndikanakhala chete bwanji?

Mipando ndinaimaliza, yonse 40. Ina ndinkakhoma misozi ili chuchuchu, koma palibe wopendekera.

Ndiye anzanga a bizinesi, imbani foni musanatumize. Ndipo wina akakwiya chifukwa mukufuna kutsimikiza, kaya ndi wokondedwa bwanji, imbani iye ali pomwepo.