Kachipewa ka ku Shul

Ndinaganiza zopita ku Dublin nditaona mnzanga amene ankandionera masamu ku sekondale akukhoma malata ndi ndalama za ku Ireland. Bambo, mkulu wa mpingo kwathu ku Ntcheu, anandipatsa lamulo limodzi: "Usakasiye kupemphera."

Nthawi imeneyo ntchito zinali mbwee. Ine ndinapeza yosamalira a David, nkhalamba yachiyuda ya ku Crumlin, ndipo Loweruka lililonse ndinkawakankha pa njinga ya olumala kupita ku sunagoge. Kunena zoona, ndinkayesa masunagoge anatha limodzi ndi Pilato.

"Sunagoge ndi Chigiriki, kutanthauza kusonkhana," anandiuza a David. "Ife timati shul, mawu a Chiyidishi, chilankhulo cha makolo athu, otanthauza sukulu, poti timaphunziramo. Pa Chiheberi ndi beit knesset, nyumba ya msonkhano." Mnzawo wa kusunagogeko anawonjezera zake, wina anamutsutsa, wachitatu n'kutsutsa onse.

Lamlungu ndinkagwira ntchito, poti malipiro ake ankakwera. Kuchipinda kwanga ku Tallaght kunalibe wondilonjera, ndipo kunyumba ndinkakusowa koopsa. Nkhalamba zimenezi zokha ndi zimene zinkafunsa ngati ndadya. Zinandipatsa kachipewa kovala polowa m'sunagoge, ine mwa matama n'kujambulitsa nditakavala, chithunzi n'kutumiza kumudzi.

Yankho la Bambo linabwera pa foni: "Walowa Ufarisi? Ukabwera udzayankha kwa akulu a mpingo."

Nditabwerera patatha zaka zitatu, sanaiwale. Ndinakhala pa benchi pamaso pa akulu asanu, ndikudziwa kuti akandidula mumpingo, Bambo sadzayendanso mutu uli m'mwamba. Ndinafotokoza mayina atatu aja monga ndinawamvera.

"Basi, ndi kachisi wawo ameneyo," anatero a Kamwendo, mlembi.

"Kachisi ayi!" anadumpha a Phiri, msungichuma. "Kachisi n'kanyumba ka mizimu, agogo ankathirako nsembe. Sunagogeyo ndi tchalitchi."

"Nanga tchalitchi n'Chichewa? Tinabwereka kwa azungu!"

Anatsegula Mabaibulo, analozana zala, dzuwa mpaka kupendeka. Ndinayenda ulendo wonse uja kukadabwa ndi nkhalamba zokangana pa mawu, chonsecho kwathu zinalipo kale. Anatseka ndi pemphero, mlandu wanga osautchulanso.

Panjira Bambo anakhosomola. "Wapulumuka. Koma kachipewa kaja uli nakobe?"

"Eya, Bambo. Ndikatenthe?"

"Utenthe chiyani? Undipatse. Dazi langali likupsa ndi dzuwa."