Mkonono umene ndinauyesa tulo

Chinayamba ndi kusanza. Amuna anga, bambo a Mphatso, amasamalira maluwa panyumba ina ku Area 15. Lachiwiri lina m'mwezi wa Juni anagwa mumtengo wa mapeyala akusadza nthambi, mutu n'kumenyetsa pasimenti. Anadzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kupitiriza kusesa. Patatha ola limodzi anasanza kawiri, kenako anagwa osadzukanso. Abwana awo anathamangira nawo kuchipatala chachikulu, ine n'kundiimbira foni ndili pabenchi langa la tomato ku Msika wa Tsoka.

Makina ounikira m'mutu anaonetsa kuti chigaza chasweka ndipo ubongo ukutupa. Madokotala anachotsa chibenthu cha fupa kuti ubongowo upeze malo. Nditafunsa komwe ataya fupalo, dokotala analoza pamimba pa wodwala wanga. "Talisunga m'menemu, pansi pa khungu, kuti lisafe. Tidzalibwezera." Ndinangoti kukamwa yasa. Fupa la mutu kukhala mlendo m'mimba mwa mwini wake, kudikira tsiku lobwerera kwawo. Mpaka lero ndikaganiza, thupi limachita tsembwe.

Tsiku lachitatu amuna anga anatsitsimuka, ndipo sabata yotsatira anawasamutsira kuwodi. Apa m'pamene ndinayamba kulimbana ndi anamwino. Pakangopita maola awiri, wina ankabwera ndi katochi, kuwadzutsa, kuwaunika m'maso, kuwafunsa dzina lawo ndi komwe ali. Kwathu ku Mitundu wodwala akagona sitimudzutsa. Ngakhale abusa timawabweza pakhomo, chifukwa timati tulo ndi mankhwala. Tsono ine pakamwa panga mpa mumsika, ndinkang'ung'udza moti wodi yonse imve.

Loweruka masana anagona tulo tofa nato, akuliza mkonono. Ndinasangalala kuti tsopano akupuma. Namwino wachitsikana atafika ndi katochi kake, ndinaima pakati pa iye ndi bedi. "Angogona kumene, asiyeni." Anayesa kundifotokozera, ine osasuntha. Anachoka, koma posakhalitsa anabwera ndi mkulu wa anamwino, mayi waimvi amene sanataye nane nthawi.

"Mayi, kunyumba amaliza mkonono chonchi?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili pabanja, ndinali ndisanaumvepo. Mayi uja anawaitana, kuwagwedeza, kuwatsina, koma sanayankhe. Atawatsegula zikope, kakuda kapakati pa diso lakumanzere kanali katakula kuposa kanzake. Pamalo opanda fupa paja, pomwe masiku onse pankakhala pofewa, panali patatupa n'kulimba ngati tomato wosapsa.

Magazi anali akutayikira m'kati mwa mutu, n'kumapanikiza ubongo. Anawabwezera kuchipinda cha opaleshoni akuthamanga nawo. Ndinadikira pabenchi maola anayi, chakudya osachifuna, mantha ndi manyazi zikundidya. Dokotala atatuluka anati, "Magazi tawachotsa, mtsempha tautseka. Tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina." Palibe amene anandikalipira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mawu.

Tinakhala m'chipatala milungu isanu. Anaphunziranso kugwira supuni, kenako kuyenda atagwira khoma. Patatha miyezi itatu madokotala anatsegula pamimba paja, n'kutulutsa fupa lili bwinobwino, n'kulibwezera pamalo pake. Mulungu anapatsa anthu ena manja odabwitsa.

Lero bambo a Mphatso anabwerera kuntchito. Dzanja lamanja limatopa msanga, mutu umawawa dzuwa likatentha, ndipo mitengo sakweranso.

Anzanga, munthu akamenyetsa mutu, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuseka. Akayamba kusanza kapena kugona modabwitsa, musadikire. Mukakhala odikirira wodwala, apatseni mpata anamwino agwire ntchito yawo. Amuna anga sakumbukira kalikonse ka Loweruka lija, moti amauza anthu kutchalitchi kuti ndine amene ndinawapulumutsa. Ndawauza zoona kawiri konse, koma sakhulupirira.