Intaneti ya a Malume Inkathawa Nkhani Zolemera

A malume anagwira ntchito ya ukapitawo mu ofesi mpaka tsitsi linachita mbuu, ndipo atapuma anabwera nawo kunyumba ukapitawowo. Kwa iwo chinthu sichiwonongeka chokha. Babu likapsa, alipo walipsereza. Mpopi ukayamba kudontha, pamakhala kafukufuku, ndipo azakhali, amene akhala nawo pabanja moyo wawo wonse, amafunsidwa kuti anali kuti pa nthawiyo. Analinso ndi lamulo lakuti nkhani iliyonse ili ndi malo ake. Za mvula ndi za mpira zimakambidwa pabalaza. Nkhani yolemera imapita kuchipinda chogona, kumapeto kwenikweni kwa nyumba, chitseko n'kutsekedwa. Tonse tinakula tikudziwa kuti ukangomva "tanditsata kuno", zako zada.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, msuweni wanga, anakwatiwa ndi wometa tsitsi. A malume ankayembekezera dokotala, zikavutitsitsa loya. Ku ukwati sanapite, ati miyendo yatupa, koma tsiku lomwelo anthu anawaona padenga akukhoma malata. Msuweni anasamuka ndi mwamuna wake kupita kudziko lakutali, ndipo panadutsa zaka bambo ndi mwana osalankhulana. Atabereka, mtima wake unafewa. Anatumiza laputopu kuti Lamlungu lililonse masana azionana nkhope, poti kafoni ka a malume ndi kamabatani kaja. A kampani ya intaneti anabwera n'kuika kabokosi ka wayifayi pabalaza, pamwamba pa kabati ya mbale. Ine ndimakhala pafupi ndipo Lamlungu ndimakacheza kumeneko, ndiye zonsezi ndinaziona ndi maso angawa.

Macheza ankayamba bwinobwino. Moni wautali, khanda kulionetsa pa sikirini, azakhali kuliimbira, a malume kugamula kuti mphumiyo ndi yakwawo. Kenako msuweni ankapuma pang'ono n'kunena kuti, "Ababa, bambo ake a mwanayu ali pompano, akufuna akupatseni moni."

A malume ankakweza chala. "Dikira kaye, mwana wanga. Izi si zapano."

Ankanyamula laputopuyo ndi manja awiri ngati thireyi ya tiyi, n'kulowera kuchipinda, chitseko mbee. Ife pabalaza tinkangomva mawu awo akung'ung'udza kuseri kwa makoma. Pakapita kanthawi ankatulukira maso ali psu.

"Ndani wagwira intaneti?"

Pa sikirini pankakhala nkhope ya msuweni itauma, kukamwa kuli yasa. A malume akangofika pabalaza kudzafufuza wolakwa, intaneti inkabwerera yokha. Msuweni ankaimbanso, koma mawu atazizira, ndipo ankamaliza ndi nkhani za mvula.

Ine ndinayesa kunena kuti mwina kuchipindako n'kutali ndi kabokosi. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Iwe, wailesi yanga imamveka ngakhale kubafa, ndipo nyumba youlutsira mawu ili kutali kotheratu. Ndiye kabokosi kali m'nyumba mwanga momwemuno kalephere kundipeza? Usamayankhe zinthu usanafufuze."

Kafukufuku anayambika. Oyamba kuganiziridwa anali aneba, akuti akuba intaneti kudzera pazenera. A malume anasintha pasiwedi kambirimbiri mpaka anaiwala okha, n'kukhala sabata yathunthu atadzitsekera kunja. Kenako mlandu unagwera simbi ya azakhali, ndipo kusita Lamlungu kunaletsedwa. Kansalu koluka kamene azakhali anafunditsa kabokosiko kanalandidwa ngati umboni. A malume anazimitsa laputopu n'kuiyatsanso. Anazimitsa kabokosi n'kukayatsanso. Tsiku lina anazimitsa magetsi a nyumba yonse kuti zinthu zonse ziyambire pamodzi mwadongosolo. Anaimbira kampani n'kukalipira mawu ojambulidwa aja amene amakuuza kuti udine batani lakuti, mpaka kuwafunsa dzina la bwana wawo.

Kampaniyo inatumiza katswiri, mayi wosalankhulalankhula wonyamula chikwama cha mawaya. Anakhala pabalaza, anayesa zonse, anaika mapulogalamu atsopano, ndipo intaneti inathamanga osapunthwa.

"Imaduka nthawi yanji, bambo?" anafunsa.

"Nthawi yofunika," anatero a malume.

Za kuchipinda sanazitchule, poti nkhani za m'banja sauza mlendo. Mayiyo atapita, a malume anatiuza kuti laputopuyo ili ndi khalidwe la mwana wopulupudza, imaoneka yaulemu pakakhala alendo.

Ine zinkandiseketsa, kunena zoona, mpaka tsiku limene ndinapeza azakhali kukhitchini maso atatupa. Msuweni anali atawaimbira paokha akulira. Anati iye si mwana, akuona bwinobwino kuti akangotchula mwamuna wake, bambo ake amanyamuka n'kukamudula. Anati mwamuna wakeyo amavala malaya abwino Lamlungu lililonse n'kukhala pambali kudikira moni, ndipo iye watopa kumuchititsa manyazi. Lamlungu likubwerali ayesa komaliza. Azakhali anamulumbirira kuti ndi intaneti, koma ndani angakhulupirire intaneti yodziwa kusankha nkhani?

"Chondipweteka n'chakuti bambo akewa amapepesa," anatero azakhali. "Ndimamvetsera pachitseko. Amayamba ndi mawu oyamba, n'kufotokoza mbiri ya nkhaniyo, kenako amati ndinalakwa, mkamwini ndamulandira. Amalankhula maso ali pansi chifukwa cha manyazi. Akamadzutsa mutu n'kuti akupepesa chithunzi."

Kuseka kunandithera. Munthu amene sindinamumvepo akupepesa ngakhale ataponda phazi la mnzake anali akupepesa sabata ndi sabata, bwinobwino ndithu, popanda womumva.

Azakhali anakauza a malume za Lamlungu lomalizalo. Loweruka m'mawa katswiri uja anaitanidwanso. Ulendo uno mayiyo sanatsegule n'chikwama chomwe.

"Bambo, chitani zimene mumachita ikamaduka. Ine ndizingokutsatani."

A malume anazengereza, kenako ananyamula laputopu. Mayiyo ankayenda pambali pawo chala chili pa timizere ta netiweki pakona ya sikirini. Podutsa khitchini kamzere kamodzi kanazima. Podutsa bafa kanazima kena. Chitseko cha kuchipinda chitatsekedwa panalibe kotsala.

"Makoma anu ndi okhuthala," anatero mayiyo. "Pakufunika kachipangizo kena kokankhira netiweki kuno, koma tilibe, kafika sabata yamawa. Pakadali pano muzikhala pabalaza."

"Ndiye nkhani za m'banja zikambidwe pabalaza?"

"Zimenezo si za kampani, bambo."

A malume anatiuza pambuyo pake kuti makomawo ankawaganizira kuyambira kale, amangofuna umboni. Anayesa kusamutsa kabokosi, koma waya wake unathera pakhomo la khitchini.

Lamlungu masana anavala jekete, anaika laputopu patebulo, n'kulamula kuti aliyense atuluke. Ine ndinadzuka. Azakhali anandikoka diresi n'kundikhazikanso.

"Sitipita kulikonse. Uyo ndi mwana wanga, ino ndi nyumba yanga. Mwabisa zokwanira."

Laputopu inalira. Msuweni anaoneka, nkhope ili gwa, khanda lili paphewa. Moni unali waufupi. Sanapemphenso chilolezo, anangotembenuza kamera, ndipo tinaona mwamuna wamanyazi, wometa bwino zedi, atavala malaya oyera, manja ali pamawondo.

"Muli bwanji, ababa?" anatero mkamwiniyo.

Ndinaona manja a malume akupita m'mbali mwa laputopu kuti ainyamule. Anaigwira, kenako anaisiya. Anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, anayang'ana sikirini. Kwa nthawi yoyamba munthu woti amupepese anali akuphethira.

"Mkamwini," anatero. "Ine..."

Mawu onse okonzedwa aja anathawa. Anangouma pampando, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, osagwedezeka ngakhale chikope.

Msuweni anabweza kamera kwa iye mwini. Anayang'ana kanthawi, n'kuseka kuseka kowawa.

"Mwaona, amayi? Yadukanso. Basi, ine ndayesetsa."

Dzanja lake linayamba kubwera kudzatseka. Azakhali anadumpha pampando n'kulowetsa nkhope yawo yonse pa kamera.

"Sinaduke, mwana wanga! Tayang'anitsitsa. Bambo ako akulira."