Tsiku limene bambo anakweza chala

Dzulo ndinamva fungo la utuchi wa paini wonyowa kwa kalipentala, ndipo ndinangoona ngati ndili pabwalo lija la m'munsi mwa Phiri la Dedza.

Tsikulo kunali chifunga, ndipo bwalo la kriketi linkaterera, mpaka anathira utuchi pothamangira oponya mpira. Oyimbira masewerowo anali bambo anga. Achimwene anga, a Yohane, ndiwo anagwira thabwa lomenyera mpira, timu yawo itatsala pang'ono kupambana.

"Dothi lanyowa, mpira uzibwera chokwawa. Usapupulume," bambo anali atawachenjeza kunyumba.

Koma achimwene anapupuluma. Mpira unadutsa pansi pa thabwa n'kuwamenya mwendo, kutsogolo kwenikweni kwa timitengo titatu timene ankateteza. Anyamata a timu inayo anakuwa pamodzi. Bambo anayang'anitsitsa mwana wawo. Pang'onopang'ono anakweza chala kumwamba.

Kwathu munthu akaloza kumwamba, ndiye kuti walumbira pamaso pa Mulungu, ndipo sabweza mawu. Achimwene anachoka atazyolika, osacheuka. Ine, poti ndinali mwana, ndinangoti basi, bambo awathamangitsa pakhomo. Ndinathamanga kudutsa pakati pa osewera n'kukakamira mwendo wa bambo.

"Bambo, akhululukireni! Nanga akagona kuti?"

"Choka pabwalo, Tadala!" anandikalipira uku akundikankha, koma maso awo ali pa achimwene amene ankachoka.

Madzulo omwewo bambo anandifotokozera kuti chalacho chimangotanthauza kuti womenya watuluka m'masewero, poti mwendo wake watchinga mpira kuti usagunde timitengo tija. Koma kulemera kwake ndinadzakudziwa nditabereka anga ana.