Homuweki ya Mtsikana wa ku Jeremani

A Cosmas Sakala a ku Malota akhala akuphunzitsa azungu Chinyanja kwa zaka khumi ndi zisanu. Ophunzira awo ndi achinyamata obwera kudzathandiza m'masukulu a ku Simonga, ndipo onse amachoka m'manja mwawo akulankhula ngati akulu a mpingo a ku Katete. Kamwana kongomaliza kumene sekondale kamakumana ndi anzake pamsika n'kuwafunsa ngati mvula yagwa bwino kumudzi.

Mtsikana wina wa ku Jeremani anadandaula kuti anzake akumuseka. Anapempha phunziro la nkhani zimene achinyamata a kuno amacheza. Kwawo, akuti, amakamba za nyimbo, mayeso ndi makolo ovuta.

A Sakala anati zimenezo n'zosavuta, poti kunyumba ali ndi mwana wawo Winnie, wa giredi 12. Anayesa kutchera khutu. Koma iwo ndi bambo amene amayamba atsokomola asanalowe pageti, ndipo chitsokomolo chimenecho chimazimitsa nkhani iliyonse pakhonde. Winnie amagwada, kulandira chikwama, n'kunena kuti kusukulu kuli bwino. Kwakhala kuli bwino chimwalirire amayi ake. A Sakala zimawapweteka kuti mwanayo sacheza nawo, koma nanga akadandaule kwa yani, ulemuwo anaphunzitsa okha.

Atasowa pogwira, anapereka homuweki: mtsikanayo akacheze ndi Winnie Loweruka, alembe zonse zimene akamve, iwo adzakonza molakwika.

Lolemba analandira masamba anayi n'kusolola bolopeni yofiira. Munali za tsitsi, za mabandulo a foni, za mnyamata wa kwaya amene amayenda ngati miyendo anachita kubwereka. Anachonga bwinobwino mpaka tsamba lomaliza, pomwe panali mawu a Winnie m'Chinyanja cha m'tauni, onena za malemu amayi ake ndi za iwo bambo ake: "Nifuna kukaona manda ya bamami, koma badadi sibakambapo. Niyopa kubalilisa."

A Sakala anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, bolopeni ili m'malere. Mtsikana uja anafunsa ngati walakwitsa penapake. Anamuuza kuti wakhoza zonse.

Poweruka anadzera pamsika n'kugula maluwa ndi kakhasu kolambulira pamanda. Atafika pageti anamva Winnie akuseka ndi mnzake pakhonde. Chitsokomolo chinabwera chokha pakhosi. Anachimeza, n'kulowa.