Kuzungulira bwalo la mpira ku Furancungo

Amuna anga anali mphunzitsi, anthu ankangowatchula kuti aprofesori. Pamene boma linatitumiza ku Furancungo, nkhondo inali itafika kale m'midzi yozungulira. Iwo anali onenepa, okonda kukhala pampando n'kumachonga makope. Chaka chachiwiri anayamba ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, ndipo pokwera kamtunda ka kutchalitchi ankaima kawiri atagwira pachifuwa.

Kuchipatala kunali enfermero, ndiye kuti namwino, mmodzi yekha, bambo wachikulire wa ku Ntengo-Wambalame. Atawayeza anati ndi shuga, ndiponso magazi akuthamanga kwambiri. Anatsegula kabati kuti tidzionere tokha, munalibe kanthu. Koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, inali isanabwere kwa miyezi.

"Aprofesori, chokupatsani ndilibe," anatero. "Koma muziyenda tsiku lililonse mpaka thukuta lituluke. Mtima umalimba ukamagwira ntchito, shuga nayenso amatsika."

"Ndiziyenda kupita kuti?" anafunsa amuna anga.

Njira za kuminda zinali ndi mabomba okwirira, ndipo mayi wina woyandikana nafe anali ataduka mwendo akupita kunkhuni.

Amuna anga anasankha bwalo la mpira la pasukulu. Tsiku loyamba anazungulira kamodzi n'kukhala pansi ali wefuwefu. M'mawa mwake ndinawatsatira, poopa kuti angagwe ali okha. Amayi a pachitsime ankatiseka, amati banja la aprofesori lazungulira mutu. Tsiku lina msilikali anatiimitsa, mfuti ili m'manja.

"Mukuyeza chiyani pano? Wakutumani ndani?"

"Matenda, mwanawe," anayankha amuna anga. Msilikaliyo anapatuka.

Mvula isanagwe anali akuzungulira kakhumi osapuma. Ludzu linachepa, mathalauza ndinawabweza m'chiuno. Sanachiriretu, masiku ena ankadzuka ofooka, koma nsapato ankavalabe.

Enfermero uja anatopa kudikira. Koluna itabwera yopanda mankhwala, anakwera nayo kuti akawatenge yekha ku Tete. Koluna ija inawomberedwa panjira, iye n'kufera pomwepo. Tinamva patapita masiku anayi, ndipo mtembo wake sunabwere.

Amuna anga anakhala panja tsiku lonse. Madzulo analemba kalata kwa mkazi wa malemuyo, n'kuiika m'Baibulo. Panalibe woipereka mpaka nkhondo itatha, pamene anapita nayo okha kwawo kwa malemuyo, ulendo wa masiku awiri wapansi.